Penti sagulitsa usipa wowola

Aliyense amene wayendapo pa msewu wa M5 kuchokera pa Benga, kudutsa pa Chia ndi pa boma pa Nkhotakota, mpaka kukafika ku Dwangwa ndi ku Dwambazi, angandivomereze kuti tikanati tiziweruza dziko poona zikwangwani zokha, bwenzi tikunena kuti boma lathu lino lili kutsidya kwa nyanja yamchere. Golosale ya mashelefu awiri akuitcha dzina la Dubai. Malo ometera tsitsi a mpando umodzi ndi galasi losweka akuti ndi a ku Texas. Kanyumba kogulitsira kaunjika akuti n'ka ku Joni. Koma mukati mufufuze dzina la Bua, la Kaombe, la Chia kapena la Linga pa makoma omwewo, mutopa osalipeza.

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, kujambula zizindikiro za malonda, kukonza malebulo, ndiponso masiku ano kukonza masamba a pa intaneti. Ndinayamba ndi bulashi ndi chitini cha penti, lero theka la ntchito ndimaligwirira pa kompyuta. Choncho ndikamadandaula za zikwangwani, dziwani kuti ndikudandaula za munda umene ndimadyapo. Ndipo zimene ndikufuna kukambirana nanu, inu amalonda a m'tauni ndi inu ana asukulu amene mukulota zodzagwira ntchito ngati yangayi, ndi mfundo imodzi basi: dzina limene mwakhoma pakhomo pa bizinesi yanu ndi ngongole. Tsiku lililonse kasitomala akalowa, amabwera kudzatenga zimene chikwangwanicho chinamulonjeza.

Dzina linayamba ndi moto

Azungu ali ndi liwu loti brand, limene achinyamata a m'makoleji akulitchula kwambiri masiku ano ngati kuti ndi mankhwala ochiza umphawi. Liwuli linachokera ku moto. Kale eni ng'ombe ankaotcha chitsulo n'kudinda pachikopa kuti ng'ombe yawo ikasakanikirana ndi za ena, mwini wake adziwike. Ku England, atayamba kulembetsa zizindikiro za malonda mu 1876, choyamba kulowa m'kaundula chinali kachizindikiro kofiira ka ngodya zitatu ka kampani ya mowa ya Bass, kanthu koti mwana wa Sitandade 1 angathe kujambula ndi chala pamchenga.

Komatu ife a kunyanja sitinadikire azungu kuti atiphunzitse zimenezi. Pitani pa gombe m'mamawa mabwato a chilimira akamabwerera. Mayi amene akudikira ndi beseni lake amalizindikira boti ali kutali, poona mtundu wa penti ndi mawu amene analembedwa m'mbali mwake, ndipo amadziwiratu ngati eni ake ndi anthu a chilungamo pa muyeso kapena ayi. Palinso amayi ena ogulitsa usipa wouma amene alibe chikwangwani ngakhale chimodzi, koma ogula a ku Lilongwe ndi ku Kasungu amawaimbira foni iwo okha mwezi ndi mwezi. Chifukwa chake n'chodziwika: usipa wawo amayanika pa thandala, ulibe mchenga, ndipo ndowa yawo sinaphwanyidwe pansi kuti ichepe. Amayi amenewa ali kale ndi chimene ophunzira akuchitcha brand. Ine atandiitana, ntchito yanga ingakhale yongochiveka malaya chinthu chimene iwo anachibereka kale.

Vuto limabwera pamene munthu akufuna malaya asanabereke mwana. Bambo wina wa resitilanti anandiuza kuti, "Achimwene, mundijambulire chambo chachikulu pakhomapa, chonona, choti munthu akachiona malovu adzadze m'kamwa." Nditafunsa ngati chambo chimapezeka tsiku lililonse, anati, "Aaa, zimenezo musadandaule nazo, bola alowe kaye." Eetu, alowadi. Koma akapeza utaka wa dzulo ndi kondowole wozizira, atuluka ndi nkhani, ndipo nkhaniyo ikafika pa depoti chikwangwani changa chisanaume n'komwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maina amene anakhazikika

Tiyeni tione maina a kwathu konkuno amene anthu sawaiwala. Tsabola wa Nali, amene wakhala akupangidwa m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ali ndi mawu awiri pa botolo oti "Abale samalani". Mawuwa ndi achichewa, ndi oseketsa, ndipo ndi oona. Amene anathirapo wambiri pa kanyenya akudziwa kuti botololo silinaname. Dzina la Sobo linachokera ku Southern Bottlers, koma lero mwana akati akufuna sobo amatanthauza chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi. N'chimodzimodzi Colgate ndi Surf: mankhwala otsukira mano alionse timangoti kolugeti, sopo waufa aliyense timangoti safu. Dzina likafika pamenepo ndiye kuti lalowa m'nyumba n'kukhala wachibale.

TNM itayambitsa njira yotumizira ndalama pa foni mu 2013 inasankha dzina loti Mpamba. Wamalonda aliyense, ngakhale amene sanapite kusukulu, amaudziwa mpamba, amagona nawo m'mutu, amauopa kuudya. Dzina lotere silifuna womasulira. Nanga inu a golosale ya Dubai, agogo a ku Mwansambo akafuna kutuma mdzukulu kwa inu amati chiyani? Amati, "Pita kwa bambo aja a pafupi ndi mtengo wa mango." Ndiye kuti dzina lanu lenileni ndi mtengo wa mango, ndipo ndalama ya penti munangotaya.

Mtundu wa penti nawonso uli ndi mphamvu yake. Amene ali ndi zaka zokwanira akukumbukira kuti makoma a magolosale athu anali ofiira ndi achikasu nthawi ya Celtel. Mu 2008 dzina linasintha kukhala Zain ndipo opaka penti anayendanso dziko lonse. Mu 2010 kunabwera Airtel, makoma n'kufiiranso. Makampaniwa amadziwa chimene akuchita, ndipo palibe mlandu pamenepo. Koma wamalonda amene walola kuti khoma lake lonse lipakidwe ulere aziwerengera bwino. Penti yaulere imateteza khoma ku mvula, inde, koma pa malo amalonda pamene nyumba khumi zavala yunifolomu imodzi, yanu ndi iti? Ngati mwavomera, pemphani kuti akusiyireni malo oonekera bwino pamwamba pa chitseko pamene dzina lanu likhale lalikulu.

Ndipo musaganize kuti anthu sasamala za zizindikiro. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera ya dziko lino, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika dzuwa loyera lathunthu. Anthu ambiri sanaimve kukoma, ndipo mu 2012, Joyce Banda atalowa m'boma, Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera ya 1964. Phunziro kwa ife ndi lakuti chizindikiro chikakhalitsa chimasanduka cha anthu amene amachiona. Tsono inu amene mumasintha dzina la shopu chaka chilichonse malonda akavuta, dziwani kuti nthawi iliyonse mukufufuta njira imene makasitomala anaiponda kale.

Chuma chimene tikutaya

Pano ndi pamene mtima wanga umawawa. Boma la Nkhotakota lili ndi dzina lolemera kuposa maina onse obwereka aja. Mpunga unayamba kulimidwa kwambiri kuno nthawi ya a Jumbe, amalonda achiswahili amene anakhazikika pa gombe lino m'zaka za m'ma 1840, ndipo nthawi ya atsamunda mpunga wa Kota Kota unkadziwika m'Nyasaland monse. Mbiri ya a Jumbe ili ndi mbali yake yowawa ya malonda a akapolo, ndipo mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 ndi mboni ya zimenezo. Sitingaibise mbiriyo. Koma mpungawo unatsala, ndipo mpaka lero madambo athu ndi sikimu ya Bua akudyetsa anthu a m'mizinda.

Nanga mpunga umenewu ukafika mu msika wa Lilongwe kapena ku Limbe umatchedwa chiyani? Umachoka kuno m'matumba a feteleza otembenuza kapena m'matumba opanda chilembo. Ukafika uko wogulitsa amangoti ndi Kilombero, chifukwa ndilo dzina limene ogula amalifuna, ngakhale utakhala Faya kapena wosakaniza. Taonani, dzina la Kilombero linachokera ku chigwa cha ku Tanzania, alimi a ku Karonga analisamala mpaka likugulitsa mpunga wawo ngakhale kunja kwa dziko. Ife mpunga wathu timaupereka wopanda dzina, ngati mwana wotayidwa, ndipo phindu la kununkhira kwake amadya ndi ena.

Shuga wa ku Dwangwa amatuluka m'paketi yolembedwa bwino. Mbiya ndi makapu a ku Nkhotakota Pottery alendo amapita nazo kwawo akudziwa kumene zachokera. N'chifukwa chiyani mpunga, usipa, ufa wa kondowole ndi uchi wa m'midzi yozungulira nkhalango zisamatero? Sindikunena zoti mlimi aliyense akhale ndi fakitale. Gulu la alimi kapena la amayi a geni likhoza kuyamba ndi paketi ya makilogalamu 2 kapena 5, yoonekera m'kati, yokhala ndi pepala lonena zinthu zisanu: dzina la gulu, mtundu weniweni wa mpunga, kulemera kwake, mwezi umene unapakidwa, ndi nambala ya foni. Mukafuna kulowa m'masitolo akuluakulu, njira yake imadutsa ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyeza katundu. Ndipo dzina likayamba kugwira, kalilembetseni, poti pali lamulo la zizindikiro za malonda la 2018 limene limateteza amene analembetsa. Kulembetsa bizinesi ndi kulembetsa chizindikiro ndi zinthu ziwiri zosiyana, ambiri amasokoneza pamenepa.

Koma chenjezo ndi lomwe lija. Tsiku limene mudzathire mpunga wosweka pansi pa paketi yolembedwa dzina lanu, lebulo yomweyo imene imakubweretserani ogula idzawauza amene ayenera kumupewa. Thumba lopanda dzina limabisa wakuba. Lebulo imamuloza chala.

Masekondi atatu

Tsopano ndinene za luso lenilenilo, poti ena amaganiza kuti kujambula n'kungosakaniza mitundu. Minibasi yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Ngati chikwangwani chanu chimayamba kuwerengeka munthu ali pa mamita 50, ndiye kuti muli ndi masekondi atatu okha. M'masekondi atatu munthu sangawerenge dzina lanu, dzina la mkazi wanu, vesi, mndandanda wa katundu khumi ndi ziwiri ndi manambala a foni atatu. Sankhani: mukugulitsa chiyani, ndipo ndinu ndani. Zinazo lembani pa chitseko, pamene munthu amawerenga ataima.

Nyanja nayo ili ndi malamulo ake. Dzuwa la kuno limadya penti yofiira msanga kuposa mitundu ina, moti chikwangwani chofiira choyang'ana kum'mawa chimatuwa mwini wake asanabweze ndalama yake. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira umabwera ndi mchenga umene umapala khoma. Chinyontho chimadyetsa dzimbiri lata losapakidwa penti yoyamba. Ndipo wopaka aliyense wa kuno amadziwa kuyang'ana kunyanja asanatsegule chitini, chifukwa nkhungu zikatera pa penti yaiwisi, ntchito ya tsiku lonse yathera pomwepo. Zilembo zakuda pa choyera kapena pa chikasu zimawerengeka ngakhale dzuwa lili paliwombo. Zilembo zopotanapotana ngati za pa khadi la ukwati n'zokongola pa kompyuta, koma pa msewu zimangooneka ngati mphutsi.

Ndipo abale, tiyeni tilembe m'chinenero chimene ogula athu amalankhula. Palibe manyazi kulemba kuti "Timagaya chimanga ndi makaka" kapena "Pano pali malo ogona". Chomvetsa manyazi ndi Chingerezi cholakwika cholembedwa ndi zilembo zotalika ngati mwana, chimene ana asukulu amaima n'kumaseka. Ngati makasitomala anu ndi osakanikirana, lembani zinenero zonse ziwiri, koma musanapake penti pezani mphunzitsi awerenge kaye. Safunsa anadya phula.

Chikwangwani cha m'thumba

Masiku ano khoma lachiwiri la bizinesi lili m'thumba mwa kasitomala. Eni malo ogona alendo, eni maboti onyamula alendo, ngakhale ogulitsa nsomba, amabwera kudzati, "Tikufuna webusaiti." Funso langa loyamba limakhala lakuti, adzaitsegule ndani, ndipo ali pati?

Ngati ogula anu ndi amayi a msika wa Mchesi kapena a ku Chinsapo, mwina simukufunika webusaiti. Nambala ya WhatsApp imene imayankhidwa, zithunzi zoona za katundu wa lero, ndi njira yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, zingakugwirireni ntchito yaikulu kuposa tsamba lodula limene palibe adzalione. Ndimawauza anthu zimenezi ngakhale kuti potero ndikudzimana ndalama, chifukwa nanenso dzina langa ndi ngongole.

Koma amene amadalira alendo ochokera kutali, tsamba ndi lofunika ndithu. Kumbukirani kuti mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Nkhani imeneyi inamveka dziko lonse lapansi. Munthu ali ku London kapena ku Johannesburg amene sanamvepo za ife analemba liwu loti Nkhotakota pa Google. Kodi anapeza ndani? Ngati loji yanu, boti lanu kapena resitilanti yanu munaitcha dzina la mzinda wa ku America, mlendo ameneyu akupezani bwanji? Iye wathawa kwawo kudzaona Bua ndi mpasa zake, mbalame za pa Chia, akasupe otentha a Mawira ndi sitima ya Ilala imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Inu mukumulonjera ndi dzina la kwawo komwe wachokera.

Tsamba labwino la kuno liyenera kukhala lopepuka. Ambiri amene adzalitsegule ali pa foni, bandulo ikuwerengedwa ngati mchere, netiweki ikubwera n'kumapita. Chithunzi chimodzi chochokera mu foni yamakono chimalemera mamegabaiti angapo. Mukaika zithunzi makumi awiri zotere ndi kanema wodziyambira yekha, mwadya bandulo ya munthu asanaone n'komwe mtengo wa chipinda. Zithunzi zimachepetsedwa kulemera popanda kuonongeka, ndipo wokonza tsamba amene sachita zimenezi ndi waulesi. Tsamba loyamba pa dziko lapansi, limene Tim Berners-Lee anakonza ku CERN kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, linali la mawu okhaokha, ndipo linagwira ntchito yake.

Ine ndikamaliza tsamba sindiliyesera mu ofesi. Ndimabwereka foni yotsika mtengo, ya galasi long'aluka, n'kukaima panja dzuwa likuswa mtengo. Ngati sindingathe kuwerenga, kapena chala changa chikulephera kudina nambala, ndiye kuti ntchito sinathe. Pamwamba penipeni payenera kuoneka zinthu zimene mlendo akufuna: muli pati, afika bwanji kuchokera pa M5, mtengo ndi wotani, aimbire ndani. Mbiri ya mmene agogo anu anayambira bizinesi ndi yabwino, koma ikhale m'munsi.

Chinanso, tsamba lili ngati munda, limafuna kupalira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yambiri ya pa masamba inasanduka nthano, koma eni ake anaisiya choncho miyezi ndi miyezi. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumiza magombe ndi nyumba zina za m'mphepete, ndipo madzi osefukira anavutitsa anthu a ku Dwangwa. Komabe panali masamba amene anapitiriza kuonetsa mchenga woyera umene panthawiyo unali pansi pa madzi. Mlendo amene wayenda ulendo wautali chifukwa cha chithunzi chakale sakhululuka, ndipo masiku ano madandaulo ake amawalemba poti dziko lonse liwerenge. Mukanangolemba mzere umodzi wonena zoona, akanabwerabe kapena akanasintha tsiku, ulemu wanu n'kutsala.

Kwabweranso makina a AI amene amajambula chithunzi chilichonse mukangowauza. Ndi chida champhamvu, nanenso ndimachigwiritsa ntchito poyesa maganizo. Koma ndaonapo chithunzi cholengeza malo odyera a kunyanja kuno chili ndi nsomba imene m'nyanja ya Malawi mulibe, mbale yake yonyezimira ngati ya ku hotela ya ku Paris. Mwana aliyense wa pa gombe angakuuzeni kuti chimenecho si chambo, si kampango, si mcheni. Jambulani mbale yanu yeniyeni, pafupi ndi zenera, m'mawa kuwala kuli kofewa. Ikakhala yosaoneka bwino pa chithunzi, konzani mbaleyo.

Pomaliza pa za intaneti, samalani umwini. Dzina la tsamba lanu, kaya likuthera ndi .mw kaya .com, limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo liyenera kulembetsedwa m'dzina lanu. Mawu achinsinsi olowera pa tsamba ndi pa Facebook muzisunga inuyo. Ndaona amalonda akulira chifukwa mnyamata amene anawakonzera tsamba anapita ku Joni ndi makiyi onse m'mutu mwake. Kodi mungalole mmisiri amene wakumangirani shopu apite ndi kiyi wa chitseko?

Kwa ana asukulu

Inu amene mukuphunzira luso limeneli, kaya ku koleji kaya pa foni usiku, mudzakumana ndi mawu awa: "Mphwanga, tangondijambulira kalogo, si kanthu kakang'ono?" Mu 1971 wophunzira wina wa ku America, Carolyn Davidson, anajambula chizindikiro cha Nike n'kulandira madola 35. Pambuyo pake kampaniyo inamuthokoza ndi masheya, koma musayembekeze kuti aliyense adzakukumbukirani chotero. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, lembani papepala, landirani theka poyamba, ndipo nenani kuti kusintha ndi kangati. Kanthu kakang'onoko n'kamene kamatenga nthawi, chifukwa kuchotsa zosafunika n'kovuta kuposa kuunjika.

Musathamangire kukopera zimene mwaona pa intaneti. Sukulu yaikulu ili panja. Onani mmene mayi wa tomato amapangira milu yake, wamkulu pamwamba, kuti diso likodwe. Onani mitundu ya zitenje pa tsiku la msika, mizere ya pa mphasa, kapangidwe ka mono wovuulira nsomba, mawu a pa kabaza ndi pa minibasi. Mu 1915 a Coca-Cola ankafuna botolo loti munthu alizindikire pongolikhudza mumdima. Dzifunseni funso lomwelo: chimene ndajambulachi, atachichepetsa kukhala ngati chikhadabo pa foni, kapena atachidinda ndi inki yakuda yokha pa thumba, chidziwikabe? Ngati yankho ndi ayi, bwererani pa pepala ndi pensulo.

Ndipo phunzirani kufunsa mafunso musanatsegule kompyuta. Pitani ku shopu ya kasitomala wanu, khalani pa benchi ola limodzi, muone amene amalowa, mumve mmene amalonjeredwa. Nthawi zina mudzapeza kuti chofunika kukonza ndi sikelo, kapena mnyamata wa pa kauntala amene amayankha makasitomala maso ali pa foni. Muuzeni mwini wake mwaulemu. Ena adzakwiya n'kupita kwa wina, koma amene adzamve adzakhala anu mpaka kalekale.

Kwa inu amalonda, pempho langa ndi ili. Musanaitane ine kapena mnzanga aliyense wa bulashi, khalani pansi mulembe chinthu chimodzi chimene mungalonjeze munthu n'kuchisunga tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene katundu wakwera mtengo. Kaya ndi muyeso wodzadza, kaya ndi kutsegula 6 koloko m'mawa osaphonya, kaya ndi mpunga wopanda miyala. Chimenecho ndicho tidzalembe. Ndipo posankha dzina, yambani mwayang'ana mtsinje, phiri, mtengo kapena gombe la kwanu musanayang'ane mapu a dziko la eni. Makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Chikwangwani ndi mlomo umene mumausiya pa msewu usana ndi usiku, inu muli mtulo. Onetsetsani kuti zimene ukunena mungathe kuziyankha kukacha.